Kudzutsa njinga ya atsibweni

Kumayambiriro kwa Meyi

Kumudzi kwathu kufupi ndi Bembeke tikugumula khitchini yakale kuti timange ina. Anyamata atakwera kukasasula denga atsitsa kanjinga kamene kanali kokolekedwa kutsindwi, kakuda bii ndi mwaye. Iwo amati akagulitse kwa ogula zitsulo pa sikelo, koma amayi aletsa. "Imeneyo isiyeni. Ndi ya atsibweni anu, anabwera nayo agogo anu pochokera ku Joni." Ndaipempha, andipatsa, ndipo yafika kuno ku Dedza Boma pa minibasi, itagonekedwa pamwamba pa matumba a kachewere.

Ine ntchito yanga ndi ya choko ndi bolodi. Za njinga ndimadziwa kupalasa ndi kupopa basi. Koma mwana wanga wamkazi wakhala akulirira njinga, ndiye ndatsimikiza mtima kuti iyiyi ndiikonze ndi manja anga. Ndizilemba zimene ndikuphunzira kuti mnzanga amene sanagwirepo sipanala adzaone poyambira.

Maonekedwe ake ndi odabwitsa. Gudumu lakumbuyo ndi lalikulu, lakutsogolo laling'ono. Chishalo n'chachitali, chokhala ndi chitsulo chotsamira msana. Mahandulo ndi oimirira m'mwamba. Pakati pa felemu, patsogolo pa chishalo, pali kachitsulo kopangidwa mwa chilembo T. Maganizo anga oyamba anali akuti wina analumikiza njinga ziwiri zosiyana.

Loweruka lotsatira

Kutsuka. Ndinayamba ndi sitiluwaya wotsukira mapoto chifukwa ndi amene anali pafupi. Mwaye unachokadi, koma pamodzi ndi mwayewo panachokanso penti wofiira wa pa kachizindikiro ka mkuwa kamene kali kutsogolo kwa felemu. Ndinazindikira nditakanda kale theka. Ndinaleka pomwepo, n'kutenga madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale. Pamene sopo analephera, kansanza konyika m'parafini kanathetsa nkhani.

Pa kachizindikiroko patuluka mutu wa mbalame ya khosi lalitali yofanana ndi kakowa, ndi dzina lakuti Raleigh. Pansi pa mwaye patuluka penti wachikasu. Ndaitana mwana kuti adzaone, ndipo tonse tangoti kakasi, chifukwa timayesa kuti njingayo inabadwa yakuda.

Pakati pa Meyi

Ndaikankha mpaka kumsika, kwa bambo wina wachikulire amene amakonza njinga za kabaza pansi pa mtengo. M'zolemba izi ndizingowatchula kuti amisiri. Ataiona anaika pansi chubu chimene ankamata.

"Mayi, mwaifukula kuti imeneyi? Iyi ndi Chopper. Ife tili anyamata, mwana wokwera imeneyi tinkamuthamangira pambuyo mpaka kwawo."

Ndinawafunsa ngati n'zotheka kudziwa zaka zake. Sanayankhe. Anaigadabuza, n'kupukuta ndi chala habu yakumbuyo. Habu ndi chitsulo chonenepa cha pakati pa gudumu, pamene pamakumana masipoko onse. Atapukuta panaoneka malemba akuti Sturmey-Archer, pansi pake zilembo AW, ndi manambala awiri otalikirana pang'ono: 73 ndi 11. "Werengani, aphunzitsi ndinu." Nambala yoyamba ndi chaka, yachiwiri ndi mwezi. Habuyo inapangidwa mu Novembala 1973. Kampani imeneyi inkadinda chaka ndi mwezi pa mahabu ake, choncho aliyense amene ali ndi njinga yakale ya magiya atatu angathe kugwada n'kudziwerengera yekha. Koma tsikulo ndi la habu, njinga yonse inamangidwa pambuyo pake.

Usiku ndinafufuza pa foni. Raleigh inayambira mumzinda wa Nottingham ku England cha m'ma 1880, ndipo fakitale ya kumeneko inaleka kupanga njinga mu 2002. Chopper inayamba kugulitsidwa ku America mu 1969, ku Britain mu 1970. Mu 1972 anatulutsa mtundu wachiwiri, wotchedwa Mk 2, umene umadziwika ndi zinthu zingapo: tizitsulo ta felemu totsikira ku gudumu lakumbuyo n'topindika, ndipo mahandulo anawotchereredwa ku khosi lake kuti ana asamawapendeketse. Ndinatuluka panja ndi tochi. Zonse ziwiri zilipo. Mawilo osiyana aja si ntchito ya wolumikiza, anapangidwa choncho: mainchesi 20 kumbuyo, 16 kutsogolo.

Manambala a pa habu akugwirizana ndi zimene amayi amanena. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya WENELA, bungwe limene linkalemba anthu opita kumigodi ya ku Joni, inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi, ndipo amuna masauzande ambiri anabwerera kumudzi m'chakacho ndi chotsatira. Agogo anali m'gulu limenelo. Anzawo ankabwera ndi wailesi, makina osokera kapena njinga ya Humber yoti azikwera okha. Iwo anagulira mwana. Sindinawaone agogowo ndi maso, koma zimenezi zandiuza kanthu za mtima wawo.

Ndawaimbira foni atsibweni ku Lilongwe. Aseka kwambiri. Akuti njingayo sinawonongeke, anaikoleka matayala atatha, chifukwa m'masitolo a kuno nthawi imeneyo munkangopezeka matayala a 28.

Kumapeto kwa Meyi

Kumasula. Amisiri andilola kuti ndizigwirira ntchito pambali pawo ndikaweruka, ndizibwereka zida, n'kumawapatsa kangachepe. Malamulo awo ndi awiri: jambulani ndi foni musanamasule chilichonse, ndipo manati a malo amodzi azikhala m'kachitini kawo.

Masipanala a masiku ano, oyezedwa m'mamilimita, sakugwira bwino manati a njingayi chifukwa ndi a muyezo wakale wa ku Britain. Ina ikukula, ina ikuchepa. Ndinakakamiza imodzi, nati n'kudyeka m'makona. Kuyambira pamenepo ndikugwiritsa shifiting'i, sipanala ija yosintha kukamwa, ndipo ndimaithina kwambiri ndisanakoke.

Pedulo yakumanja inamasuka bwinobwino. Yakumanzere ndinalimbana nayo mpaka thukuta, kuzizira konseku, amisiri akungondiyang'ana chammbali. Kenako anati, "Mayi, mukumangatu pamenepo." Mazinga a pedulo yakumanzere amapita mozondoka, ndipo anachita dala kuti isamadzimasule munthu akamapalasa. Njira yosavuta kukumbukira ndi iyi: chogwirira cha sipanala chiloze kumwamba, mukankhire chakumbuyo kwa njinga. Zimagwira mbali zonse ziwiri.

Sabata yoyamba ya Juni

Lero ndadziwa kotapini. Ndi kachitsulo kakafupi, kosemedwa mopendekeka mbali imodzi, kokhala ndi mazinga ndi nati kumapeto. Ntchito yake ndi kugwira mkono wa pedulo kuti usaterereke pa ekiselo. Pa njinga iyi manati a makotapini ali ndi chilembo R pamutu, ndipo ndawasunga m'kachikwama ka ndalama kuopa kutaya.

Amisiri anali atapita kukadya. Ndinachotseratu nati, n'kuyamba kugogoda ndi hamala pang'onopang'ono, mwamantha. Kotapini sanasunthe, koma mazinga ake anaphwanyika n'kupindika. Atabwera anangoti, "Safunsa anadya phula," n'kundionetsa pa mkono winawo. Nati simuchotsa, mumaimasula mpaka ifanane ndi nsonga ya kotapini kuti iteteze mazinga. Pansi pa mkono mumachirikiza ndi kapaipi kofika pansi, kuti mphamvu ya hamala isakathere m'kati mwa felemu. Kenako kumenya kamodzi kapena kawiri, mwamphamvu. Anamenya, kotapini n'kutuluka. Wopindika ujayo tinachita kumudula ndi sowo n'kumukhoma ndi chitsulo china. Mwamwayi makotapini amapezeka pa msika uliwonse chifukwa njinga za kabaza zimagwiritsa omwewo. Watsopano amafunika kumupala ndi tupa kuti akhale bwino, ndipo awiriwo aziloza mosemphana, apo ayi mapedulo sakhala pa mzere umodzi.

Tsiku lotsatira

M'kati mwa felemu, mmene mumadutsa ekiselo ya mapedulo, muli timipira tachitsulo timene okonza njinga amati mabering'i. Nditamasula kapu yakumanzere tinangoti waa, kumwazika m'fumbi. Ana a pamsika anandithandiza kutola. Tsopano ndimayala chitenje chakale pansi ndisanatsegule chilichonse chozungulira. Timayenera kukhala 11 mbali iliyonse. Takalewo tinali titachita zipsera, ndiye ndagula tatsopano, n'kutimata pa girizi m'kapumo kamodzikamodzi. Girizi ndiye amatigwira kuti tisagwe pomanga.

Ndinafuna kugulanso makapu atsopano poti ndi otsika mtengo. Amisiri anatenga imodzi ya pa benchi yawo n'kuiyesa: inalowa pang'ono, n'kukana. Raleigh inkadula mazinga akeake, 26 pa inchesi, pamene makapu ambiri a pamsika ali ndi 24. Mukakakamiza mwapha felemu. Makapu akalewo nditawatsuka m'parafini anali osalala bwino, ndipo abwerera m'malo mwawo. Kumanga kwake n'kofuna khutu ndi chala: mukathina kwambiri ekiselo imalemera, mukalekerera imagwedera. Ndinabwerezabwereza mpaka inayamba kuzungulira mwakachetechete popanda kugwedera. Amisiri anaigwira, n'kugwedeza mutu movomereza, ndipo ndinapita kunyumba wosangalala.

Pakati pa Juni

Dzimbiri. Pa zitsulo zonyezimira, monga mahandulo ndi marimu, chimene chagwira ntchito ndi pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya, lofinyidwa n'kunyikidwa m'madzi. Limachotsa dzimbiri koma silikanda. Tizitsulo ting'onoting'ono ndinatinyika m'madzi a mandimu usiku wonse, m'mawa dzimbiri n'kumachoka ndi mswachi.

Pamenepa Dedza inandiphunzitsa yokha. Ndinatsukuluza tizitsuloto n'kutiyanika pakhonde. Boma lathu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'munsi mwa phiri lotalika mamita 2,198, ndipo mwezi uno nkhungu imatsika m'mapainimo usiku n'kunyowetsa chilichonse. Kutacha tonse tinali titafiira kachiwiri. Chitsulo chochoka m'mandimu chimakhala pambalambanda: chitsukuluzeni, chiumitseni padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, n'kuchipaka oyilo tsiku lomwelo.

Za penti takangana m'nyumba. Bambo a mwana akufuna tigule chitini cha penti wopopera kuti njinga ioneke yatsopano. Ine ndakana. Penti wachikasuyu wakhala zaka zoposa 50, ndipo ndikuganiza kuti mwaye uja unamuteteza ku chinyontho. Ali ndi mabala, pena chitsulo chikuonekera, koma malemba a m'mbali akuwerengekabe. Ndikapopera, malembawo apita ndipo sadzabweranso. Ndangopala malo a dzimbiri okha, kupaka kapenti koteteza pamenepo, kwinako n'kupukuta ndi polishi.

Kumapeto kwa Juni

Yafika nkhani ya habu, imene ndakhala ndikuiopa. Gudumu lakumbuyo likuzungulira molemera, lopanda phokoso lililonse. Amisiri analankhula mosabisa: "Mayi, ichi chikuvutitsani. Zipangizo zake kuno kulibe. Tiyeni tichotse, timange habu wamba ya filiwilo, mawa mwana akwere." Sananame, ndipo pa njinga ya kabaza yodyetsa banja malangizo amenewo ndi olondola. Koma ndinawapempha kuti tiyese kaye. Habu imeneyi ndi imene inandiuza zaka za njinga. Komanso kuno kulibe msewu wopanda chitunda, ndipo mwana wokhala ku Dedza magiya amawafuna kuposa mwana wa ku Salima.

Anafufuza m'thumba lawo la zitsulo zakale, n'kutulutsa habu ina yakufa ya mtundu womwewo, yotsegula kale, kuti ndione zam'kati. Pakati pa ekiselo pali giya laling'ono losasuntha. Timagiya tinayi timalizungulira, ndipo kunja kwake kuli mkombero wa mano oloza m'kati. Zimayenda ngati amayi ovina chimtali mozungulira woimba ng'oma: wapakati ali pomwepo, enawo akuzungulira bwalo uku aliyense akudzipotokola payekha. Kachitsulo ka T kaja kamakoka waya, wayayo amakoka katcheni kakang'ono kolowa m'kati mwa ekiselo kumanja, ndipo katcheniko kamasankha mbali imene mphamvu ya mwendo ilowere. Pa giya 1, giya la tcheni lakumbuyo likazungulira kanayi gudumu limazungulira katatu, ndiye kupalasa kumapepuka pachitunda. Pa giya 2 zimazungulira mofanana. Pa giya 3, katatu kamabala kanayi. Mtundu wa AW umenewu unayamba kupangidwa mu 1936. Zonsezi zimachitikira m'kachitsulo kokwana m'dzanja, kotsekedwa, kosalowa fumbi.

Muli tizitsulo tina ting'onoting'ono tokhala ndi masipuling'i opyapyala kwambiri, timene timakola mano kuti gudumu liyende. Oyilo wakale akauma timamatirira, habu n'kukhala chete. Choncho yathuyo sitinaitsegule n'komwe. Pathupi pa habu pali kabowo ka oyilo kokhala ndi kachivindikiro. Ndinathiramo parafini, kuzunguza gudumu, kulipendeketsa kuti zakuda zituluke, n'kubwerezanso mpaka parafini anayamba kutuluka woyera. Kenako madontho a oyilo wopepuka. Girizi wolimba samafunika mmenemo. Mafuta ophikira ndiye ayi ndithu: ndinali nditapaka pa tcheni masabata apitawo, ndipo ndi kuzizira kuno anasanduka ulimbo, n'kuchita kutsukanso.

Madzulo ndinazunguza gudumu, ndipo linayankha: tiki, tiki, tiki, mofulumira. Amisiri anasiya zimene ankachita n'kutchera khutu. "Yadzuka," anatero. Ndinazunguzanso kambirimbiri, anyamata a kabaza atazungulira kumvetsera.

Julaye

Matayala. Lakumbuyo silinavute: 20 x 2.125 ndi lomwe limalowa pa njinga za BMX, ndipo lilipo pamsika pompano. Chimene chinagoneka njinga ya atsibweni lero chikugulitsidwa pa mphasa. Lakutsogolo ndinalipeza kwa ogulitsa zipangizo za njinga za kaunjika ku Lilongwe, cha ku Malangalanga. Linalembedwa 16, ndinalipira n'kukwera basi. Kufika kuno, tayala likungolowa n'kutuluka pa rimu, lakula. Pali ma 16 osiyanasiyana. M'mbali mwa tayala mumakhala nambala ina ya mamilimita, yonena kukula kwenikweni kwa rimu: ena 305, ena 349. Ma 20 nawonso alipo a 406 ndi a 451. Langalo linali la 349. Ulendo wotsatira ndinanyamula rimu m'chikwama n'kukayesera pomwepo.

Musanaike chubu, phimbani mitu ya masipoko m'kati mwa rimu. Lamba wodulidwa ku chubu chakale amakwanira.

Kuwongola gudumu ndi luso limene sindinalifike. Rimu ikakhotera kumanja, mumamanga masipoko ochokera mbali yakumanzere ya habu n'kumasula pang'ono akumanja, ndi kakiyi kake. Ine ndinapotokola sipoko imodzi kwambiri, kukhota n'kusamukira pena. Amisiri amapotokola kachigawo kakang'ono kokha, n'kuzunguza, n'kuyang'ana, atagwira choko pafupi ndi rimu kuti chilembe pamene pakukhudza. Chokocho chinali changa. Lakutsogolo anawongola iwo ine ndikuona. Lakumbuyo ndinawongola ine iwo akuona, ndipo latsala ndi kugwedera kochepa koti sikukhudza mabuleki.

Kumayambiriro kwa Ogasiti

Waya wa magiya unali utaduka ndi dzimbiri. Amisiri alowetsa wina wa njinga ya kaunjika n'kuumanga ndi kabawuti. Nditakwera kuyesa pa bwalo la sukulu, giya 1 linagwira, giya 3 linagwira, koma pa giya 2 mapedulo anangozungulira pachabe, phazi n'kutsetsereka mpaka pansi. Mtima unagwa, ndimayesa habu yafa. Ayi, ndi kamangidwe ka waya. Habu ya AW ili ndi malo opanda giya pakati pa 2 ndi 3, ndipo waya ukakhwefuka pang'ono mumagwera pamenepo. Kukonza kwake: ikani pa giya 2, suzumirani pa kabowo ka nati yaitali ya kumanja kwa ekiselo, muzipotokola chomangira waya mpaka phewa la kandodo kamene kalumikizidwa ku katcheni lifanane ndi nsonga ya ekiselo. Mukatero mangani kanati kotsekera. Ndinachita ndekha, ndipo magiya onse atatu analowa. Posintha giya, lekani kupalasa kaye pang'ono.

Mwana wakwera. Poyamba mahandulo ankamugwedezera uku ndi uku chifukwa gudumu lakutsogolo n'lopepuka, koma atazungulira bwalo kangapo anazolowera, ndipo anapeza yekha kuti giya 1 limamukweza kachitunda ka kuseri kwa makalasi osaimirira.

Ndamuikira malamulo, ndipo ndi ochokera m'mapangidwe a njingayi. Kulemera kwake kumatsamira kumbuyo, ndiye munthu akakhala kumapeto kwa chishalo gudumu lakutsogolo limanyamuka. Chishalo chachitalicho chimakopa kunyamula mnzako, koma opanga ake analemba chenjezo pa lamba wa chishalo loletsa zimenezo, ndipo ine ndaletsanso. Ikathamanga kwambiri imagwedezeka, choncho mtsetse wotsikira ku M1 ayi. Marimu ndi achitsulo, ndipo akanyowa mabuleki amachedwa kugwira ngakhale mphira zake ndi zatsopano. Tsiku la nkhungu kapena mawawa njinga izigona m'nyumba.

Chatsala ndi chishalo. Siponji yam'kati inafumbutuka ndipo chikopa chake chinang'ambika m'mbali. Pali bambo wina kuseri kwa msika amene amasoka mipando ya njinga zamoto. Ndawapempha kuti asataye chikopa chakalecho, achiyale pa nsalu yatsopano podula, ndipo lamba wa chenjezo uja abwezeretse pamalo pake. Akuti ndikatenge Lachisanu. Loweruka amisiri andiuza kuti ndibwere ndi shifiting'i yangayanga, tikatsegule khosi la foloko, limene likulira pokhota.